Tigule nyumba pafupi ndi ntchito kapena komwe kuli bwalo lalikulu?

Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ine ndi amuna anga takhala pa lendi zaka zambiri, tsopano tikufuna kugula nyumba yathuyathu, koma tasiyana maganizo pa matauni awiri a kunja kwa mzinda womwe timagwirako ntchito.

Ina ili pafupi. Kusukulu ya ana ndi kuchipatala n'koyenda wapansi. Koma nyumba zake n'zodula, zipinda n'zothina, ndipo pabwalo ngakhale chingwe choyanikapo zovala sichikwana bwino.

Inayo ili patali, ndipo ndalama yomweyo tingapeze nayo nyumba yaikulu ndi malo oti ana athu atatu azithamangapo. Bambo awo mtima uli kumeneko. Ine chikundisowetsa tulo ndi ulendo: ola lathunthu popita, linanso pobwera, mafuta a galimoto tsiku lililonse. Komanso wamng'onoyu ali ndi mphumu. Akabanika pakati pa usiku, tidzafika nthawi yanji kuchipatala?

Inu amene munasankha kutali, kutopa kwa pamsewu munakuzolowera kapena mumanong'oneza bondo? Nanga tikadzafuna kugulitsa m'tsogolo, nyumba yosavuta kupezera wogula ndi iti? Tisanasaine ngongole ya kubanki, tifufuzenso chiyani?