Ndingaumitse bwanji zovala m'nyengo ya mvumbi?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene munakumanapo ndi vuto ngati langali. Mvumbi wakhazikika moti dzuwa silikuoneka n'komwe, ndipo zovala zimene ndikuchapa sizikuuma. Ndikaziyanika m'nyumba zimatenga nthawi yaitali, kenako zimayamba kununkha chinyezi ngakhale kuti ndinazichapa bwino ndi sopo. Chimene chikundisautsa kwambiri ndi yunifolomu ya ana, chifukwa m'mawa uliwonse m'makolala ndi m'matumba mumakhala mukadali monyowa, ndipo kusita kumangoumitsa pamwamba pokha. Pakhoma la kuseri kwa kabati payambanso kuoneka timadontho takuda ta chuku, zomwe zikundidetsa nkhawa poti mwana wanga mmodzi amadwala mphumu.

Sikuti mvulayi ndikudana nayo ayi, pakuti usiku ikamalira padenga ndimagona tulo tokoma, ndipo kutentha kuja kwatha. Koma kodi kutsegula mazenera mvula ikugwa kumachepetsa chinyezi m'nyumba kapena kumachiwonjezera? Nanga fungolo lingachoke popanda kuchapanso zovalazo? Amene mukudziwa njira yochotsera chuku pakhoma popanda kuwononga penti, chonde ndithandizeni.