Ndi masewero oyimba ati akale amene angadzazenso holo ku Mulanje ndi ku Thyolo?

Wazisudzo wa pa Chitakale:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali gulu la achinyamata 25, ambiri ndi a m'makwaya a mipingo, ena anasewerapo zisudzo kusukulu. Akufuna kukonza sewero loyimba, lija nkhani imayenda ndi nyimbo ndi magule, osati kungolankhula basi. Malo oonetsera ndi pa boma ku Mulanje, ku Luchenza ndi ku Thyolo, anthu azilipira pakhomo. Zida zilipo ndi kiyibodi, gitala ya besi, ng'oma zitatu ndi masipika awiri. Mwa masewero akale otchuka aja, ndi ati oyenera kuwadzutsanso, oti munthu wa kuno asiye mpira wa pa kanema n'kudzalipira?

Mphunzitsi wa nyimbo, Luchenza:

Achimwene, ngati funso ndi lakuti dzina liti lingakoke anthu, yankho ndi Sarafina! basi. Ambiri amalidziwa chifukwa cha filimu ya 1992, koma lidayamba ngati sewero la pasiteji. Mbongeni Ngema adalilemba, nyimbo adathandizana ndi Hugh Masekela, ndipo lidayamba kuonetsedwa ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, kenako ku Broadway ku New York mu 1988, Leleti Khumalo akusewera Sarafina. Nkhani yake ndi ya ana asukulu a ku Soweto pa zipolowe za mu June 1976.

Likugwirizana ndi gulu lanu pa zinthu zitatu. Mphamvu yake ili m'kwaya, osati mwa woyimba mmodzi, ndiye ana a m'kwaya ya mpingo theka la ntchito analiphunzira kale. Zovala ndi yunifomu ya sukulu, yomwe mungabwereke. Malo ambiri ndi m'kalasi ndi pabwalo, mabenchi asanu ndi bolodi zakwana.

Pamene magulu amagwera ndi pa mpweya. Kuyimba utaima pamzere ndi kuyimba ukudumpha ndi zinthu ziwiri. Nyimbo ikafika pakati, mawu apamwamba amayamba kutsika, sopulano n'kumveka ngati walakwitsa kiyi, chonsecho wangotopa. Mankhwala ake ndi kugawa gulu pawiri pa nyimbo iliyonse yovina: anthu 12 kapena 13 avine kutsogolo n'kumayimba mopepuka, otsalawo aime m'mbali pafupi ndi maikolofoni n'kunyamula nyimbo, nyimbo yotsatira asinthane. Poyeserera, masabata anayi oyamba akhale a nyimbo zokha, atatu otsatira a magule okha, kenako atatu ophatikiza zonse. Mukaphatikiza msanga amaloweza mapazi n'kuiwala mawu. Chinanso, nyimbozo zidalembedwa ndi malipenga m'maganizo. Kiyibodi ingatsanzire, koma mutapeza wa tirampeti mmodzi kubandi ya mpingo kapena ya sukulu, kusiyana kwake kumamveka mpaka kumbuyo kwa holo.

Mayi wa zamalamulo a luso, Thyolo:

Aphunzitsi anena zoona pa za kukoka anthu, koma asanagule ndi nsalu imodzi yomwe, nkhani ya umwini iyambe. Ngema adamwalira mu December 2023, koma sewero silikhala la aliyense mwiniwake akangomwalira. Malamulo amateteza ntchito kwa zaka zambiri pambuyo pake. Ndipo pali kusokoneza kumene kumachitika kawirikawiri: chilolezo choyimbira nyimbo pagulu chochokera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso kuno ku Malawi, si chilolezo chosewera sewero lathunthu ndi nkhani yake, anthu ake ndi zovala zake. Chimenecho chimachokera kwa eni sewero kapena bungwe lowaimira. Ku South Africa, DALRO ndi limodzi mwa mabungwe amene amagwira ntchito imeneyi, ndipo ndi poyambira pabwino kufunsa.

Polemba kalata, tchulani zinthu izi: dzina la gulu ndi kuti si lamalonda, maholo ake, mipando ya holo iliyonse, mtengo wa tiketi, masiku oonetsera, ndi zida zoyimbira zimene muli nazo. Mtengo wa chilolezo amawerengera pa zimenezi, ndipo amafuna ndalama zakunja, ndiye lembani kudakali miyezi isanu ndi umodzi kuti muonetse. Ngati mukufuna kumasulira mawu m'Chichewa, kudula nyimbo kapena kujambula vidiyo yoika pa Facebook, pemphani chilichonse mwachindunji. Chilolezo wamba sichiloleza zimenezi. Kuno kwathu musaiwalenso chilolezo cha Censorship Board cha zoonetsa pagulu.

Ine sewero limene ndingaike patsogolo ndi Joseph and the Amazing Technicolor Dreamcoat la Andrew Lloyd Webber ndi Tim Rice. Lidayambira pasukulu ina ku London mu 1968 ngati kanyimbo kafupi ka kwaya ya ana, ndiye lidabadwira manja ngati anuwa. Nkhani ya Yosefe ndi abale ake, kuyambira Genesis 37, palibe gogo wa ku Bvumbwe kapena ku Limbuli amene saidziwa, choncho ngakhale Chingerezi chimudutse, nkhani saitaya. Abusa amalengezanso mosavuta kutchalitchi. Vuto lake: limafuna anyamata oyimba bwino osachepera 12, Yosefe ndi abale ake 11, pamene makwaya athu atsikana ndiwo amachuluka. Werengani anyamata anu musanalembe kalata.

Mkulu wa zisudzo, Mulanje boma:

Pepani mayi, pepaninso aphunzitsi, ine ndikuona mosiyana pang'ono. Dzina lotchuka limadzaza holo tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri limadzaza ndi zimene anthu akauzana kumsika ndi pa siteji ya kabaza. Ndipo munthu sangakambe chimene sanamve. Sarafina! ndi ya Chingerezi ndi Chizulu, ndipo oonera adzakhala akuyerekeza mtsikana wanu ndi Leleti Khumalo mphindi iliyonse. Mpikisano umenewo ndi wovuta kuupambana.

Ngati tikunena za sewero loyenera kudzutsidwa chifukwa cha ubwino wake, ndi King Kong la 1959, nyimbo za Todd Matshikiza, momwe Miriam Makeba adatchukira. Lidayamba ku yunivesite ya Witwatersrand, lidapita ku London mu 1961, ndipo adalidzutsanso ku Cape Town mu 2017. Ndi nkhani yoona ya wankhonya Ezekiel Dlamini, amene adatchuka, n'kugwa, n'kupha chibwenzi chake, n'kudzafera kundende. Mabanja ambiri kuno ali ndi wina amene adapita ku Joni, agogo kumigodi, adzukulu lero pa basi, ndiye moyo wa m'mashabini a kumeneko si wachilendo m'makutu mwathu. Koma ndinene mosabisa: ndi kiyibodi ndi besi simungalikwanitse. Ndi jazi ya malipenga ambiri, ndipo dzinalo pa positala anthu adzayesa filimu ya chinyani chija.

Phunziro lenileni lili kwa Gibson Kente, amene adayendayenda ndi masewero oyimba ngati Sikalo ndi How Long m'maholo a m'malokeshoni a ku South Africa, popanda nyumba ya zisudzo yeniyeni. Anthu ankadzaza chifukwa ankadziona okha pasiteji, m'chilankhulo chawo. Kuno kwathu Kwathu Drama Group idachita chomwecho ndi masewero a Chichewa, ndipo Du Chisiza Jnr ndi Wakhumbata Ensemble Theatre adaonetsa kuti Mmalawi amalipira pakhomo la zisudzo. Masewero a magulu amenewa ndiwo ndingafune kuona akudzutsidwa, mogwirizana ndi eni ake kapena mabanja awo, omwe mungawapeze ku Blantyre popanda ndalama zakunja. Ambiri mwa iwo ndi olankhula, koma kuwonjezamo nyimbo mwachilolezo n'kotheka: nyimbo isabwereze zimene zanenedwa kale, ilowe pamene munthu wafika poti mawu wamba samukwanira.

Palinso The Rainmaker la Steve Chimombo, lonena za M'bona. Nkhani ya mvula, kachisi ndi kulimbirana mphamvu imaitana ng'oma yokha. Ndipo kuno tili ndi chuma chimene Broadway ilibe: tchopa, yemwe UNESCO idamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014. Koma funsani akuluakulu a gule ameneyu kuti ndi nyimbo ziti zoyenera pasiteji, chifukwa zina ndi za nsembe, si zosangalatsira anthu olipira tiketi.

Wazisudzo wa pa Chitakale:

Zikomo nonse. Anyamata alipo 9 okha, ndiye Yosefe wavuta. Nanga pa za mawu m'holo? Maholo athu ndi a malata opanda siling'i.

Wa zokuzira mawu, Luchenza:

Bambo, apa ndi pamene masewero oyimba ambiri amafera, ngakhale osewera akhale aluso. Oonera akapanda kumva mawu a nyimbo kwa mphindi khumi, amayamba kucheza.

Choyamba ndi nyengo. Kuyambira November mpaka April musayerekeze: mvula ya Mulanje ikagunda malata palibe sipika yoigonjetsa, komanso ndi nthawi imene anthu atanganidwa kumunda ndi kothyola tiyi. June ndi July chiperoni chimabweza anthu oyenda pansi. August mpaka kumayambiriro kwa October ndi bwino, Loweruka kapena Lamulungu masana, kuyamba 2 koloko kuti pofika 5 anthu apeze minibasi. Sankhani sabata imene kumaesiteti alandira malipiro, ndipo pewani tsiku la mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu October.

M'holo, masipika akhale kutsogolo kwa siteji, m'mbali zonse ziwiri, pamwamba pa mitu ya anthu, atapendekera pang'ono pansi. Akakhala kumbuyo kwa oyimba, maikolofoni imatola mawu ake omwe n'kuyamba kulira kuja. Khoma lakumbuyo kwa holo ndilo limabweza mawu: pachikanipo makatani olemera, mabulangete kapena masaka, ndipo muyese mawu mukudziwa kuti holo yodzaza imameza mawu kuposa yopanda anthu.

Maikolofoni: anayi opanda waya a osewera akuluakulu, awiri kapena atatu oimika a kwaya. Mabatire atsopano pa chionetsero chilichonse, ena apadera m'thumba, chifukwa batire ikafooka mawu amadukaduka asanazimiretu. Ng'oma musaziikire maikolofoni. M'holo ya malata ng'oma zitatu zimakwirira anthu 25. Ziikeni pambali, pa mphasa kapena matiresi, ndipo oyimba ng'oma aphunzire kutsitsa manja pamene mawu a nkhani akuyimbidwa, n'kumasula pa gule. Wa kiyibodi akhale poti akuona nkhope za oyimba, ndi kasipika kakang'ono koloza kusiteji, apo ayi kwaya imathamanga kusiya bandi m'mbuyo.

Magetsi muwaone ngati azima. Jenereta ya 5 kVA ikwana masipika awiri, mikisa (chipangizo chosakanizira mawu), kiyibodi, besi ndi magetsi a LED asanu ndi atatu. Ikhale mamita 30 kuchokera paholo, kuseri kwa khoma, ndi waya wokhuthala, chifukwa wowonda amatentha n'kugwetsa mphamvu. Pakati pa jenereta ndi mikisa ikani sitabilaiza, yoteteza zida mphamvu ya magetsi ikamakwera kapena kutsika. Poyatsa, yambani ndi mikisa, masipika pomaliza. Pozimitsa, masipika poyamba.

Mayi wa zamalamulo a luso, Thyolo:

Ndi anyamata 9, pali njira ina. Nkhani ya Yosefe ya m'Baibulo ilibe mwini woti mumulipire. Cha eni ake ndi nyimbo ndi mawu a sewero la ku London lija. Mukapeka nyimbo zanu m'Chichewa ndi Chilomwe, osabwereka kayimbidwe kawo, mukhoza kupatsa atsikana mbali za abale ena, kapena kusankha nkhani ya Rute ndi Naomi yomwe imafuna amayi ambiri. Mukatero lembani pangano losonyeza amene wapeka nyimbo iliyonse, onse asainire, ndipo mukalembetse ku COSOMA musanaonetse koyamba.