Trombone ikuwadinda pakhosi bambo ojintcha, tichite bwanji?

Wabandi wa ku Chinamwali:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'bandi ya mpingo wathu muli bambo ena ojintcha, a khosi lalikulu ndi manja akuluakulu. Akanyamula trombone (lipenga loimba pokoka ndi kukankha paipi), paipi yodutsa paphewa ija imawadinda pakhosi mouthpiece (kachitsulo kopemererapo) isanafike pakati pa milomo, ndiye amapendeketsa mutu. Pakatha mphindi 20 khosi lauma. Tigule ina, kapena yomweyi ingakonzeke?

Wa ku Matawale:
Achimwene, nkhani yagona pa kutambalala kwa silaidi, mapaipi awiri aja amene amakokedwa poimba. Mouthpiece imalowa m'paipi imodzi ya silaidi, inzakeyo ndi imene imalumikizana ndi paipi ya pakhosi. Ndiye kuti tsaya ndi khosi ziyenera kukwana mumpata wa pakati pa mapaipi awiriwo. Matrombone ophunzirira, a bowo (mkati mwa paipi) la .500 inchi, mpatawo umakhala wochepa. Koma musapusitsidwe ndi kukula kwa bowo kokha: matrombone a Bach 42 ndi Conn 88H onse ndi a .547, koma silaidi ya Bach ndi yotambalala kuposa ya Conn. Yezani ndi tepi imene ali nayoyo, ndipo wogulitsa akuuzeni muyezo wa yake musanatumize ndalama.

Poyesa, aimirire pagalasi mutu uli chilili, lipenga libwere kukamwa, osati kamwa kulondola lipenga. Chala chimodzi chizilowa pakati pa paipi ndi khosi. Avale kolala ndi tayi zimene amavala tsiku loimba, chifukwa nsaluyo imadya mpata. Akazolowera kupendekeka, mouthpiece imapanikiza mbali imodzi ya mlomo, mawu apamwamba nkumabanika.

Wa ku Mpondabwino:
Zoona zimenezo, koma musaiwale dzanja lamanzere. Ndi limene limasenza kulemera konse. Lamanja limangogwira silaidi ndi chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira. Munthu wa zala zonenepa amafinyika pa kamtanda kogwirira kaja, dzanja likatopa amayamba kugoneka lipenga pakhosi. Mankhwala ake ndi lamba wa padzanja. A Neotech ndi a Yamaha amapanga, koma wosoka nsapato mumsika wa Zomba angathe kusoka wachikopa, bola mumuonetse pokolowekapo.

Pomanga, belu (kukamwa kotulukira mawu) ndi silaidi zimapanga ngodya ya madigiri 90. Itambasuleni pang'ono kuti zala zisamagunde belu pa pozishoni (poima silaidi poimba) yachitatu, kenako mangitsani nati.

Ngati mukuganiza za yokhala ndi valavu ya F (yotsegulira mpweya ku paipi yowonjezera), ubwino wake ndi woti liwu la C la pozishoni 6 limapezeka pa 1, la B la pa 7 limapezeka cha pa 2. Koma imalemera, ndipo valavuyo imakhala pafupi ndi chibwano. Yamtundu wa Thayer ndi yaikulu kwambiri, ambiri a khosi lalikulu imawakhudza. Ikakhala ya bowo la .547, mouthpiece nayo idzasintha: yotchedwa 12C ya phazi (mbali yolowa m'paipi) laling'ono imagwedera m'bowo la .547, pamafunika ya phazi lalikulu monga 5G.

Wa ku Sadzi:
Yomweyo ingakonzeke. Mmisiri wa malipenga amatha kupinda paipi ya pakhosi kuti ipatuke pang'ono. Amayamba waichotsa, kuifewetsa ndi moto, kuthira phula lolimba mkati kuti isaphwatalale, nkuipinda, kenako kuibwezera. Chonde, musapite nayo kwa owotcherera mageti. Chitsulo chake ndi chopyapyala, moto wawo umasungunula polumikizira, ndipo paipi ikapindika molakwika silaidi yaing'ono yokonzera tyuni imakana kulowa.

China ndi kakhalidwe. Akhale kutsogolo kwa mpando wopanda zogwirira, mapazi onse pansi, miyendo yotalikirana kuti mimba ipeze malo popuma. Sitandi ya nyimbo ikhale chakumanja ndipo ikwezedwe, apo ayi amawerama, paipi nkudinda khosi kawiri. M'mwezi wa Okutobala thukuta la pakhosi limadya utoto wa lipenga mpaka kusiya zobiriwira pakolala, ndiye kulungani paipiyo ndi kachikopa kopyapyala, muzikachotsa ndi kupukuta mukamaliza kuimba.