Kodi makolo athu ankaona chiyani akayang'ana kumwamba?

Nabanda: Akuluakulu, ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere. Mnzanga wina akunena kuti ganizo lakuti Mulungu amakhala kumwamba linabwera ndi amishonale, ndipo kuti makolo athu ankangodziwa mizimu ya kumanda basi. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati si zoona, thambo linkatanthauza chiyani kwa Achewa ndi Amang'anja akale?

Phiri wa ku Dedza: Mayi Nabanda, mnzanuyo walakwitsa. Nthano ya chilengedwe imanena kuti Chauta anatsika kumwamba pamodzi ndi mvula yoyamba, ali ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo anatera pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, thanthwe likadali lofewa moti mapazi awo anadindika pamenepo. Onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri n'kutentha tchire. Nyama zinabalalika, ndipo Chauta anabwerera kumwamba pokwera ulusi wa kangaude. Motero thambo linkawakumbutsa kuti Chauta anali pakati pawo, koma anatalikira chifukwa cha zochita za munthu yemwe.

Mbewe wa ku Nsanje: A Phiri anena zoona, koma ine ndikuona kuti mnzawo wa mayiwa sanaphonye kwenikweni. Makolo popempha mvula sankafuulira kuthambo, ankagwada patsinde pa mtengo kapena pakachisi, kuthira nsembe ya ufa ndi mowa pansi n'kuomba m'manja, chifukwa mizimu ndiyo inkapereka madandaulo awo kwa Chauta. Yankho ndilo linkaonekera kumwamba. Kwathu ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona, mzimu wa mvula wa Amang'anja, nsalu yovomerezeka ndi yakuda, ndipo chiweto cha nsembe chimayenera kukhala chakuda bii, pofanizira mitambo yolemera ndi mvula. Ku kachisi wa Achewa wa ku Msinja nakonso Makewana, mayi wotsogolera mapemphero a mvula, ankavala zakuda. Zimandipweteka kuti ana athu amadziwa mtundu wakuda ngati wa maliro okha, pamene kwa mlimi amene chimanga chake chayamba kufota mu Januwale, thambo loyera mbee ndilo lochititsa mantha.

Nabanda: Zikomo kwambiri. Nanga mwezi ndi nyenyezi zinali ndi tanthauzo lake?

Mbewe wa ku Nsanje: Inde mayi. Amang'anja ankanena kuti mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wake wa kumadzulo, Puikani, ndiye nyenyezi yowala dzuwa likangolowa, ndipo amamudyetsa bwino mpaka anenepe. Akapita kum'mawa kwa Chekechani, nthanda ya m'bandakucha, amagona ndi njala n'kumaonda mpaka kutheratu. Akatswiri a zakuthambo amatiuza kuti nyenyezi ziwirizi ndi pulaneti limodzi, Venus, komabe amene anapeka nthanoyi ankayang'anitsitsa ndithu, chifukwa mwezi watsopano umaonekeradi kumadzulo madzulo, ndipo wotsala pang'ono kufa umaoneka kum'mawa kusanache.