Mwana amuika m'kalasi ya History pomwe iye akufuna Physics, ndipange bwanji?

Membala wobisa dzina:
A admin mundibise dzina chonde, pagulu pano pali alamu anga awiri ndiye sindikufuna zifike kumudzi. Abale ndithandizeni maganizo. Ndikulera mwana wamkazi wa malemu achemwali anga, ali ku sekondale yoyendera. Kusukulu kwawoko anagawa ana m'makalasi awiri, ina ikutenga Physics ndi Chemistry, inayo History ndi Bible Knowledge. Wangayu anangopeza dzina lake papepala lomata pachitseko cha kalasi ya History, osamufunsa, ifenso makolo osatiuza. Chonsecho kuyambira ali wamng'ono amanena kuti adzakhala namwino. Pano akungolira, kusukulu ndikuchita kumukankha. Fizi ndimalipira ndekha ndi geni ya zitenje. Bambo ake omubereka alipo koma anakwatira kwina, ngakhale sopo sagula, amangobwera pa Khrisimasi kudzajambulitsa naye. Amuna anganso akuti za mwana wa eni sizikuwakhudza. Komanso sukulu yomweyi inatisonkhetsa ndalama ya mpanda, mpaka lero njerwa zili pamulu zamera udzu. Juzi yake yasukulu inasowanso pachingwe, ndikukayikira aneba koma izo ndi zina. Ndinapita kuti ndikaonane ndi ahedi, ndinapeza atachokapo, amene anali mu ofesimo anandiyankha akudya chinangwa osandiyang'ana n'komwe. Kodi mwana alibe ufulu wosankha zimene akufuna kuphunzira? Ndimusamutse kapena nditani?

Madam wa Biology:
Mayi, ali Fomu chani? Tiyambire pamenepo. Ngati wangoyamba Fomu 3 nkhaniyi ndi yopepuka, ngati ali Fomu 4 ndi ina. Mutiuzenso masamu amakhoza bwanji.

Aphunzitsi Opuma:
Ufulu, ufulu, ufulu! Ndi umene wationongera sukulu. Ine ndagwira choko mpaka tsitsi kuyera, sindinaonepo mwana wodziwa chimene akufuna. Lero akuti namwino, mawa woimba, mkuja akufuna kupita ku Joni. Aphunzitsi amagawa ana poona malikisi, osati misozi. Silabasi imakonzedwa ndi akatswiri ku MIE ku Domasi, mayeso amakonza a MANEB ku Zomba, ndiye mukufuna kamwana koti sikatha kuchapa juzi yake kakhale nawo pampando? Masiku athu inali Physical Science imodzi, unkaiphunzira ufune usafune, ndipo tinatuluka anthu. Mawu a akulu akoma akagonera. Muuzeni mwanayo apukute misozi akalowe m'kalasi.

Make Fatsani:
Aphunzitsi Opuma, juziyo akuti inabedwa, sanati sachapa. Muziwerenga bwino musanakalipe.

Aphunzitsi Opuma:
Ndawerenga mayi. Mwana wosamala sasiya juzi pachingwe mpaka mdima.

Nabanda:
Nkhaniyi yandikumbutsa zanga, mtima ukuwawa. Ifenso anatigawa chonchi. Ine ndinathawa ndekha Physical Science chifukwa aphunzitsi ake ankakwapula, anzanga onse anali kwinako, palibe anandiuza kuti ndikudzitsekera khomo. MSCE ndinakhoza bwinobwino, koma nditafuna za unamwino kulikonse ankandibweza. Ndinakalembanso ngati wapadera ndili ndi mwana kumsana, practical ndinakaionera tsiku la mayeso lomwelo, zipangizo zina sindinkadziwa n'kogwira komwe. Ndinalephera. Pano ndimagulitsa mandasi pa depoti. Amene munatiphunzitsa nthawi imeneyo Mulungu akuoneni.

Mjomba wa ku Joni:
Musavutike mayi, kuno ambiri ali ndi mapointi abwino koma tonse tikusenza simenti limodzi. Physics yeniyeni ndi yokweza thumba pa lole kkkk.

Mtumiki wa Ambuye:
Chimene chandidandaulitsa ine n'chakuti nonse mukuyankhula ngati Bible Knowledge ndi chilango. Mwana aphunzire Mawu, n'kulira? Mwina Mulungu ali naye cholinga. Mayi, musalimbane ndi ahedi, gwadani.

Kamnyamata ka MUBAS:
Abusa, palibe akunyoza BK, ine ndinapeza nayo 2. Koma ku unamwino sakafunsa za ulendo wa Paulo. Mayi mumve izi. Kuti mwana alowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti ndi kuyambira 1 mpaka 6, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Koma mapointi okha sakwanira, pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake. Ku KUHeS, yunivesite ya boma ya zaumoyo komwe kunalowa Kamuzu College of Nursing mu 2021, amayang'ana sayansi ndi masamu. Makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) ndi Malawi College of Health Sciences nawonso amafuna sayansi. Munthu ukhoza kukhala ndi mapointi 12 a History, BK ndi Social koma osaloledwa n'komwe. Pezani chikalata chimene a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, amatulutsa poitana ofuna malo, zonse zimalembedwamo.

Aphunzitsi Opuma:
Mwaona? Mnyamatayu akunena zomwe ndikunena ine. Sayansi si masewera. Mukamukakamiza mwana wa masamu ofooka kulowa Physics mudzakolola 9, kenako mudzabweranso pano kudzatukwana aphunzitsi.

Kamnyamata ka MUBAS:
Bambo sindinanene zimenezo. Masamu a mwanayu palibe akuwadziwa pano.

Madam wa Biology:
N'chifukwa chake ndafunsa. Ndikuuzeni mmene zimakhalira mkatimu, poti ambiri mukuganiza kuti timagawa mwankhanza. Kwathu mphunzitsi wa Physics ndi mmodzi, yemweyonso ndi wa masamu Fomu 1 mpaka 4. Labu ndi kachipinda kamene kanali sitolo, mabiika ndi owerengeka, ana amachita kusinthana, ena amangoonerera pawindo. Pa timetable, nthawi imene kalasi ina ili pa Physics inayo imakhala pa History, ndiye mwana sangatenge zonse ziwiri. Tikati aliyense asankhe, pafupifupi onse amathamangira ku sayansi chifukwa makolo awauza za udokotala. Ndiye timadula potengera malikisi. Koma kusawafunsa anawo n'kulakwa ndithu. Ife timawapatsa kapepala kumapeto kwa Fomu 2, alembe zomwe akufuna ndi ntchito imene akuilakalaka, kholo lisayine. Ena amene malikisi ali pamalire timawapatsa teremu imodzi yoyeserera. Alipo amene anatidabwitsa, aliponso amene anabwerera okha ku History.

Aphunzitsi Opuma:
Kapepala! Madam, inu ndi amene mukulera ulesi. Mawa adzakulemberani kapepala koti Lachisanu kusamakhale sukulu.

Wakale wa Student Council:
Agogo, si ana onse amapempha zopusa. Ife pa council tinalemba kalata yopempha Computer Studies, poti makompyuta ena amene anapereka anthu akufuna kwabwino ankangodya fumbi mu ofesi atawaphimba ndi nsalu. Anatiyankha kuti palibe mphunzitsi komanso magetsi ndi odula. Tinapita nayo ku msonkhano wa PTA, makolo anagwirizana zosonkha ya mayunitsi, mphunzitsi wa Geography anadzipereka kumatiphunzitsa madzulo ngati kalabu. Ife sitinalembe nawo mayeso ake, koma amene anabwera pambuyo pathu analemba. Akanapanda kutimvera bwenzi makompyutawo atadyedwa ndi makoswe.

Aphunzitsi Opuma:
Ndiye amene anaphunzitsa ndani, council kapena mphunzitsi? Amene analipira magetsi ndani? Mwangotsimikiza kuti popanda akulu palibe chimayenda. Ndipo ndisakubisireni, makompyuta anuwo sadyetsa dziko. Dziko lino ndi la ulimi. Mwana aliyense akanalimbikira Agriculture, Woodwork ndi Metalwork bwenzi tilibe ma graduate oyenda ndi envelopu m'tauni. Ana anga ine onse ndinawasankhira ndekha ndipo palibe anafa.

Make Fatsani:
Sanafe koma amakuimbirani foni?

Mjomba wa ku Joni:
Kkkkk mayi mwapha munthu.

Chekucheku:
Vuto ndi andale. JCE anaichotsa, kenako n'kuibwezeretsa mu 2021, ana akhala akuyeserera zinthu ngati... basi ndisayankhule zambiri, a admin angandichotse. Koma dziwani kuti ana awo saphunzira sukulu zoyenderazi.

Bright Future Part Time:
Timaphunzitsa Physics, Chemistry ndi masamu Loweruka ndi Lamlungu, mtengo wokambirana. Inbox.

Nangozo:
Ine ndaima pa bambo akewo. Mayi, pitani nawo ku khoti la ana azipereka chithandizo, lamulo lilipo. Wanganso ankatero, kubwera ndi kamera m'malo mwa thumba la ufa, pano amadulidwa kumalipiro. Amuna a masiku ano ndi choncho onse. Ndipo amuna anuwo akuti mwana wa eni, akadzayamba ntchito mwanayo adzakana shuga wake?

Achimwene a Ndirande:
Apa mwayambapo kutukwana amuna. Funso ndi la Physics.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse amene mwayankha. A Nangozo mwanena zoona, bambo akewo ndawalekerera nthawi yaitali. Za aneba ndinawafunsa akukana, koma mwana wawo ndinamuona ndi juzi yofanana. Aphunzitsi Opuma mwana wanga si waulesi, amadzuka 4 koloko kuwerenga ndi tochi ya pafoni. Ndiye mukuti ndimusamutse?

Madam wa Biology:
Mayi, FOMU CHANI? Musamusamutse musanadziwe ngati kumene mukupitako kuli malo m'kalasi ya sayansi, mukhoza kukapeza zomwezi mutagula kale yunifolomu ina. Pitani kwa wachiwiri kwa ahedi kapena mkulu woona za sayansi, ndi amene amagwira mndandanda. Mutenge ma report ake ndi zotsatira za JCE, mwanayo apite nawo akadziyankhulire yekha. Za mpanda ndi chinangwa musakazitchuleko. Koma ngati analembetsa kale maphunziro a mayeso a MSCE, komanso anzake ali patali ndi silabasi, kusintha n'kovuta, pamenepo tikambirane zina.

Nabanda:
Zinazo ndi zomwe ndinadutsamo ine. Musalole kuti adzalembe sayansi asanagwirepo zipangizo.

Aphunzitsi Opuma:
Kudzuka 4 koloko si kukhoza. Ndaona ambiri ogona ndi buku kumaso. Ndipo inu a Make Fatsani, ana anga amandiimbira, wina ananditumizira fetereza chaka chathachi. Amene ndinamukaniza zojambulajambula uja lero ndi kalipentala wodziwika, mipando ya m'tchalitchi mwathu anakhoma ndi iyeyo.

Wakale wa Student Council:
Ndiye kuti ankafuna Creative Arts inu n'kumukaniza?

Aphunzitsi Opuma:
Ndinamupatsa Woodwork. Kujambula amajambula pa thabwa asanadule.