Laputopu yatsopano ikundizunguza mutu, thandizeni abale

Membala wosatchula dzina:
Abale anga thandizeni ndisanaiponye pansi. Ndinagula laputopu mu town mwezi watha, K6,500, ndalama ya chilimba yomwe ndinadikira miyezi yambiri ndikugulitsa salaula padzuwa, ndiye musaganize kuti ndi masewera. Ndinaigulira sukulu chifukwa ndikuphunzira ndili pakhomo ndipo ma assignment amafuna kutayipa. Amene anandiperekeza ndi mlamu wanga, amadzitama kuti amadziwa makompyuta, ndinamulipirira basi kuchoka ku Chawama, chips ndi soseji anadya, manje foni sayankha koma status akuika tsiku lililonse. Mwamuna wanga akungoti ndinakuuza ugule fridge. Mwana wa achemwali ake amene tikusunga nayenso wayamba kale kuonerapo mafilimu ndikakhala kumsika. Vuto ndi ili: ndikadina pomwe palembedwa @ pakutuluka tizizindikiro tiwiri " ndiye imelo sindingalowe. Ndikamalemba, kamuvi kamathawira pamzere wina ndipo mawu amasakanikirana. Bundle ya mwezi wonse inatha usiku umodzi ndisanatsegule ngakhale Facebook. Pa risiti analemba 256GB koma mkati ndikuona 238, enawo anaba ndani? Ndichite bwanji?

Mdala wa ku Matero:
Mayi mwagula chikopa cha mbuzi mukuganiza kuti ndi mbuzi. Mu town mulibe laputopu yatsopano ya mtengo umenewo, zonsezo ndi ma ex-UK, makampani akunja agwiritsa ntchito zaka zinayi kapena zisanu, anyamata apukuta ndi kansalu, aika mu pulasitiki basi. Ine ndimauza anthu tsiku ndi tsiku, gulani ThinkPad yakale, chotsani Windows, ikani Linux Mint, ndi yaulere ndipo simudzalira za bundle. Koma anthu samamva.

Tekinishani wa ku Chelstone:
Amai, ndi mtundu wanji ndipo model yake ndi iti? Itembenuzeni muwerenge pa kapepala kapansi. Komanso ndi Windows 10 kapena 11?

Amake Tiyamike:
Inu mukulira za @, ine yanga inapsa ndikuyang'ana. Chaka cha 2024 chija madzi atachepa ku Kariba, malaiti amabwera pakati pa usiku, ine ndinasiya chaja pa khoma kuti ikhute ndikamadzuka. Atangobwera ndinamva "phwa", fungo la waya nyumba yonse, chaja yapita, decoder yapita, ndi zithunzi zonse za kitchen party ya mng'ono wanga zinali momwemo. Mpaka lero sandilankhula bwino. Gulani surge protector mlongo wanga ndipo malaiti akapita zulani pulagi.

Kamnyamata ka pa Kalingalinga:
Ipititseni ku overnight abusa aisanjike manja, kamuvi kothawa kokha ndi chiwanda chimenecho 😂

Mdala wa ku Matero:
@Amake Tiyamike ndi zomwe ndikunenazo, zinthu za masiku ano n'zopepuka ngati mbale ya pulasitiki. Yanga ndinagula mwana wanga woyamba asanabadwe, lero ali giredi 6, inagwapo mu minibus pa Lumumba Road ndipo inangoyaka ngati palibe chachitika.

Aphunzitsi opuma:
Ine changa ndi chimodzi. Mukusiyiranji mwana wa eni katundu wa K6,500? Ikani password. Ana a masiku ano mukawapatsa chala atenga mkono. Bundle yanuyo musanamizire makina, funsani kamtsikanako kanaonera ma episode angati.

Membala wosatchula dzina:
Aphunzitsi kunena zoona mwanayo ndi vuto, ngakhale mbale satsuka, koma ndikadandaula apongozi amati ndimadana ndi abale a mwamuna. Usiku umenewo koma anali kwa anzake ku Kanyama, ndiye si iyeyo.

Tekinishani wa ku Chelstone:
Bundle yadyedwa ndi Windows Update, mwinanso OneDrive ikukweza mafayilo. Makina akangoona Wi-Fi, ngakhale ndi hotspot ya foni, amayesa ndi intaneti yopanda malire. Lowani Settings, Network & internet, Wi-Fi, sankhani dzina la hotspot yanu, yatsani Metered connection. Za 238 palibe wakuba: opanga amawerenga GB ngati ma byte 1000 x 1000 x 1000, Windows imawerenga 1024 x 1024 x 1024, ndiye 256 imaoneka 238 pa makina aliwonse a Windows. Model ija ndikudikirabe.

Mdala wa ku Matero:
Mwaona? Makina odziyendetsa okha, kudya ndalama ya mayi wosauka osapempha. Pa Linux Mint update siyamba iwe usanavomere. Ndipo ngati ili ndi Windows 10 dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, ndiye anyamata a mu town akukankhira anthu katundu amene Windows 11 imamukana chifukwa purosesa ndi yakale kapena mulibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna. Akuikirani mokakamiza kuti ioneke yatsopano, mudzaona nokha kutsogoloku.

Mtsikana wa ma accounts:
Amdala, post iliyonse inu ndi Linux. Wina afunse za mbaula mudzati Linux. Mayiwa akulephera kupeza @ ndiye mukufuna ayambe kulimbana ndi terminal? Ku sukulu akufuna Word.

Mdala wa ku Matero:
Iwe mwana, LibreOffice, pulogalamu yaulere yofanana ndi Word, imasunga mafayilo a Word a .docx bwinobwino. Ndinayamba kugwira kompyuta iwe ukuyamwa, nthawi ya ma diskette, pa internet cafe pa Cairo Road timalipira pa mphindi.

Mtsikana wa ma accounts:
Imasunga inde, koma mutumize kwa lecturer ma table onse apindika. Zinandichitikira, ndinataya mamakisi chifukwa cha malangizo a amalume ena ofanana ndi inu. Ndipo musanditchule mwana, ndili ndi ana awiri.

Bambo a mapasa:
Ine anandigulitsa ina batire yake imatha ndisanamalize kumwa tiyi. Ndinabwerera ku shopu ndinapeza akugulitsamo ma wigi, anyamata aja anasamuka. Kuyambira pamenepo ndimayesa pomwepo asanalandire ndalama: tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, ikupatsani fayilo, muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity. Zikasiyana kwambiri ndiye kuti batire inatopa kale, kaya akulumbira bwanji kuti ndi ya mu bokosi.

Kamnyamata ka pa Kalingalinga:
Nkhani yeniyeni apa ndi mlamu. Anadya chips, anadyanso commission kwa ogulitsa, mufunseni bwino 😂😂

Tekinishani wa ku Chelstone:
Za @ ndi zosavuta. Kiyibodi yanu ndi ya ku America, n'chifukwa chake @ yalembedwa pa 2, koma Windows anaiika pa kiyibodi ya UK pomwe Shift ndi 2 imatulutsa ". Pakali pano dinani Shift ndi batani lachiwiri kumanja kwa L, @ ituluka. Kuti zitheretu, dinani batani la Windows ndi space musankhe US, ngati palibe muwonjezere ku Time & language. Amdala, izi zikutanthauzanso kuti mwina si ex-UK monga mukunenera. Kamuvi kothawa ndi chikhatho chanu chikukhudza touchpad polemba, tsitsani sensitivity mu Settings kapena gulani mouse ya waya muzimitse touchpad.

Mdala wa ku Matero:
Ex-UK, ex-America, ex-Dubai, zonse ndi salaula chabe. Mayiwa amagulitsa salaula, akudziwa zomwe ndikunena.

Amake Tiyamike:
Koma salaula imalimba kuposa za mu shopu amdala, pamenepo mwadzigwetsa nokha.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse, @ yatuluka ndalowa mu imelo!! Koma manje F5 sikuchita refresh, ikungosintha kuwala, ndipo pakona pakubwera mawu oti Activate Windows. Mlamu uja wayankha, akuti ndimutumizire K150 ya transport abwere adzaone.

Tekinishani wa ku Chelstone:
Musatumize. Za F5 yesani Fn ndi Esc pamodzi, pa Dell ndi Lenovo zambiri zimatheka choncho, pa HP nthawi zambiri mumalowa mu BIOS, ma settings a mkati mwa makina, podina F10 mukangoyatsa, kukasintha Action Keys Mode. Ndiye ndi iti mwa izi? Amai chonde, model.

Membala wosatchula dzina:
Ndi ya siliva.

Mdala wa ku Matero:
Activate Windows? Ndinanena ine. Bweretsani ku Matero Loweruka ndi flash ya 8GB ndikuikireni Linux.