Chofunda cha zigamba za zitenje, buloko lililonse ndi kasokedwe kake: ndiyambire pati?

Nachisale, Senga Bay

Moni nonse. Pabanja pathu tagwirizana zowasokera mayi athu chofunda chachikulu cha zigamba, choti buloko lililonse, kutanthauza sikweya ya zigamba zolumikiza, likhale ndi kasokedwe kakekake. Ana, azakhali ndi adzukulu, aliyense wapereka chitenje, zina zatsopano, zina zovalidwapo. Bedi lawo ndi la dabulo, matiresi ake mainchi 54 m'lifupi ndi 75 m'litali. Makina anga ndi opondera a Butterfly, osoka mzere wowongoka basi. Madiresi ndimasoka, koma ntchito iyi ndi yachilendo kwa ine. Mabuloko akhale angati, aakulu bwanji? Pakati ndiikepo chiyani poti kuno kunyanja n'kotentha? Nanga nsalu zitatuzo, ya pamwamba, yapakati ndi ya kunsi, ndizigwirizanitsa bwanji kuti zisakwinyike?

Telala Phiri, Kamuzu Road

Achemwali, yambani ndi pepala ndi pensulo, sizasi ibwere pambuyo. Pa bedi limenelo chofunda cha mainchi 76 m'lifupi ndi 90 m'litali chimakwana bwino, chimalendewera mainchi 11 kumanja ndi kumanzere kwa bedi. Masamu ake ndi awa: mabuloko 20, anayi m'lifupi, asanu m'litali, lililonse la mainchi 12 likasokeredwa pamalo pake. Pakati pa mabuloko ndiponso kuzungulira onsewo padutse lamba wa mainchi 2, ndiye pakatipo papanga 58 kwa 72. Kunja muikenso lamba wamkulu wa mainchi 9 mbali zonse zinayi, mwafika pa 76 kwa 90.

Pamene osoka madiresi amagwera m'mbuna ndi pa msoko. Pa diresi timasiya nsalu yambiri kuti mwiniwake akanenepa tidzamasule. Pano msoko uliwonse ndi kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, osapitirira, osaperewera. Choncho chidutswa chilichonse muzidula mutawonjezera theka la inchi m'litali ndi m'lifupi, ndipo buloko lisanalumikizidwe ndi anzake liyenera kuyeza mainchi 12 ndi theka.

Pa chofunda cha mabuloko ofanana, msoko ukakula pang'ono onse amachepa mofanana, palibe angadziwe. Chanuchi sichikhululuka. Tinene kuti msoko wanu wapitirira ndi milimita imodzi yokha. Msoko uliwonse umadya mbali ziwiri, ndiye pataika mamilimita 2. Buloko lokhala ndi misoko iwiri m'lifupi lichepa ndi mamilimita 4, lokhala ndi misoko isanu ndi umodzi lichepa ndi 12. Mukawaika pamodzi, lina lalitali lina lalifupi, mumayamba kukoka kuti akumane, chofunda n'kutuluka mafunde.

Mankhwala ake ndi osavuta. Tsitsani singano, yezani kota ya inchi kumanja kwake, matanipo tepi ya pepala yosanjikiza katatu kuti nsalu izigunda pamenepo. Kenako yesani: dulani timizere titatu ta mainchi 2 ndi theka m'lifupi, tilumikizeni, sitani. Tonse pamodzi tiyeze 6 ndi theka, kapakati kayeze 2 ndendende. Zikapanda kutero sunthani tepi. Ngati ena pabanjapo akusoka nawo pa makina awo, aliyense achite mayeso omwewa asanadule kanthu.

Zogula: malamba aang'ono ndi 49, aliyense 2 ndi theka kwa 12 ndi theka, kuphatikiza tisikweya 30 ta 2 ndi theka toika pomwe malamba akumana. Mita imodzi ndi theka ya nsalu yopanda maluwa ikwanira malambawo. Akhale a mtundu umodzi wodekha, chifukwa zitenje makumi awiri zonse zikukuwa, diso limafuna popumira. Lamba wamkulu mudule motsata litali la nsalu, awiri a 72 ndi theka, awiri a 76 ndi theka, onse 9 ndi theka m'lifupi. Chitenje cha mamita awiri chimaoneka ngati chikwana, koma chikachapidwa chimabwerera n'kuperewera pang'ono. Gulani mamita awiri ndi theka.

Nabanda, Nkhotakota

A Phiri anena zoona, koma musanafike pa makina pali ntchito ya m'beseni. Zitenje zomwe mwapatsidwazo si za mtundu umodzi. Dulani kachidutswa kang'ono pa chilichonse muyatse ndi machesi. Cha thonje chimapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, cha poliyesita chimasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Za poliyesita zimaterera posoka, sizigona pansi pa simbi, ndipo simbi ya makala ikatentha kwambiri zimanyala. Ngati mwinichitenje sangasiyidwe kunja kwa mphatsoyi, chakecho chipatseni buloko la zidutswa zikuluzikulu.

Chapani chilichonse pachokha. Zofiira, zakuda ndi zabuluu wothima ndizo zimasuluka kwambiri. Ambiri amathira mchere m'madzi, koma musadalire zimenezo. Tsukuluzani mpaka madzi ayere, kenako tikitani chitenjecho chili chonyowa ndi kansalu koyera. Kakatenga utoto, chapaninso. Chikakanika katatu, chisiyeni, chidzaononga zinzake. Zovalidwapo ziyang'anitseni padzuwa: pomwe kuwala kukudutsa kwambiri, monga pokhalira ndi pomangira m'chiuno, pafooka, dulani mozemba. Ulusi wolimba wa m'mphepete mwa chitenje, pomwe pamalembedwa dzina la fakitale, chotsani, umakoka msoko. Chitenje cha kutchalitchi chokhala ndi mawu kapena chizindikiro, funsani kaye eni ake, ndipo chizindikirocho chidulidwe chathunthu chikhale pakati pa buloko.

Chitenje chochapidwa chimafewa, n'chifukwa chake ndi bwino kuchilimbitsa ndi sitachi. Kuno ufa wa kondoole sitisowa: supuni imodzi yaikulu muisungunule m'madzi ozizira pang'ono, muthire m'lita imodzi ya madzi owira, mutakase mpaka ayere mbee, muwasefe akazizira. Viikani nsalu, yanikani pamthunzi, sitani idakali ndi chinyezi. Chofunda chikatha chichapidwe msanga, sitachi imaitana mphemvu.

Mabuloko 20 osiyana kotheratu ndi ambiri kwa woyamba. Sankhani masokedwe asanu, lililonse mubwereze kanayi posintha zitenje ndi malo a zowala ndi zothima, aoneka ngati osiyana onse. Onsewa amatuluka 12 ndi theka:

La masikweya asanu ndi anayi: dulani masikweya a 4 ndi theka, atatu atatu. La masikweya anayi: 6 ndi theka. La mipanda: timizere titatu ta 2 ndi theka kwa 6 ndi theka tipange sikweya, masikweya anayi otero muwatembenuze lina choimirira lina chogona. Lomwe m'mabuku amati Log Cabin: sikweya ya 3 ndi theka pakati, kenako timizere ta mainchi 2 m'lifupi kuzungulira katatu, mbali ziwiri zowala, ziwiri zothima.

Lovuta ndi la makona atatu, looneka ngati kampepe kozungulira ndi mphepo. Musadule makona atatuwo n'kumawasoka paokha, chifukwa mbali yayitaliyo ndi bayasi, yodulidwa mopendeketsa, imatamuka mukangoigwira. Tengani masikweya awiri a mainchi 7, lowala ndi lothima, muwayang'anitse nkhope, jambulani mzere kuchokera pakona kufika pakona, sokani kota ya inchi mbali zonse ziwiri za mzerewo, ndiye mudule pamzere. Mwapeza masikweya awiri a mitundu iwiri, muwachepetse akhale 6 ndi theka. Anayi otero ndi buloko. Posita, simbi iziikidwa ndi kunyamulidwa, osaikhwekhwereza. Misoko igonekedwe mbali ya nsalu yothima, ndipo pomwe mizere iwiri ikukumana wina ugone kumanja wina kumanzere kuti ikolane bwino.

Nachisale, Senga Bay

Zikomo kwambiri a Phiri ndi a Nabanda. Za pakati zija, amalume amalima thonje ndipo akuti atipatsa laulere. Lingagwire ntchito?

Mayi Mwale, Chipoka

Thonje la amalumewo alandireni ndi manja awiri, koma mukapangire mapilo. Lochokera kumunda limakhala ndi njere ndi zinyalala, njerezo zili ndi mafuta omwe amathimbiriritsa nsalu. Ngakhale mutazichotsa zonse, thonje losapetedwa ku fakitale limaundana mibulu likangochapidwa, pokhapokha mutasoka mizere yothithikana mainchi awiri aliwonse pachofunda chonse. Siponji yopyapyala ija ya m'mabedikavala nayonso ayi, imafumbutuka pakapita nthawi ndipo imasunga thukuta.

Kuno chofunda cholemera chimagwira ntchito mu Juni ndi Julayi mwera ukamaomba, miyezi ina yonse chimangokhala m'sutikesi. Mayi anu kuti azichifunda ndithu, pakati ikanipo shiti ya thonje yaubweya pang'ono, ya fulanelo, imapezeka pa kaunjika, kapena bulangete lopyapyala kwambiri. Chapani kawiri musanaike. Nsalu ya kunsi ndi yapakatiyo zipose pamwamba ndi mainchi 4 mbali iliyonse, ndiye kuti 84 kwa 98. Ngati kunsi ndi chitenje, m'lifupi mwake simukwana, gulani mamita asanu ndi theka, dulani pawiri, lumikizani m'litali, msokowo muusite motsegula. Zikasowa pa Kamuzu Road, ku Malangalanga ku Lilongwe simungazisowe.

Kuyala ndiye pagona nkhani. Pamphasa ayi, pamafunika simenti yosalala yokolopedwa bwino. Yalani ya kunsi nkhope yake itayang'ana pansi, ikokeni pang'ono ingosalala, matani m'mbali ndi tepi. Mukaikoka kwambiri, mukadzamatula idzabwerera n'kukwinya za pamwamba. Kenako yapakati, kenako ya zigamba nkhope kumwamba, kusalaza ndi manja kuchokera pakati kupita kunja. Kuti nsalu zitatuzi zigwirane kaye, ena amagwiritsa mapini otseka, pini imodzi mainchi 4 alionse, zomwe ndi mapini oposa 400. Ine sindiwalimbikitsa: ntchitoyi imatenga masabata, ndipo ndi chinyezi cha kunyanja mapini otchipa amachita dzimbiri lomwe silichoka pansalu. Gwiritsani ulusi woyera, kusoka motalikitsa mainchi awiri, mizere yotalikirana m'lifupi mwa dzanja, yopingasa ndi yoimirira, yonse kuyambira pakati. Ulusi wamtundu umasiya utoto m'mabowo.

Kusoka kwenikweni kogwirizanitsa nsalu zitatuzo, chitani pamanja. Makina ngati anuwo mano ake amakoka nsalu ya kunsi pamene phazi likukankha ya pamwamba, ndiye pakutha pa mzere wa mainchi 90 pamakhala khwinya. Pamanja, ulusi usapitirire masentimita 45, wautali umapotana ndi kuthetheka. Mfundo muikokere mkati ibisale pakati. Tsatani msoko uliwonse motalikira kota ya inchi, pomwe singano sikumana ndi nsalu yopindidwa. Masitichi asanu kapena asanu ndi limodzi pa inchi ndi okwanira bola akhale ofanana. Malo osasokedwa asakule kuposa chikhatho. Apa n'pomwe achibale angathandize, aliyense buloko la chitenje chake, koma apakati atsirizidwe kaye.

Telala Phiri, Kamuzu Road

Mayi Mwale, pa makinapo ndisiyana nanu pang'ono. Ndi fulanelo pakati, zimatheka. Masulani sikuluu ya pamwamba yopanikiza phazi, talikitsani sitichi ifike mamilimita 3, ikani singano ya nambala 14, ndipo tebulo lina likhale kumanzere kunyamula kulemera kwa chofunda, chifukwa chikamalendewera n'chomwe chimapotoza mzere. Mbali yolowa m'khwapa mwa makina muikulunge molimba. Sokani m'mphepete mwa malamba mokha, kuyambira mzere wapakati, kuti chofunda chigwirane, ndiye m'kati mwa mabuloko mumalize pamanja monga mwanenera.

Achemwali, ziwiri zomwe zatsala. Poika lamba wamkulu, musamangosoka n'kudula chotsala. M'mphepete mumakhala motamuka, lambayo adzachita mafunde. Yezani chofunda podutsa pakati, dulani lamba pa muyezo umenewo, gwirizanitsani pakati ndi pakati, nsonga ndi nsonga, ndiye musoke.

Mpendero: kuzungulira konse ndi mainchi 332, onjezani 12 a m'makona ndi polumikiza. Dulani timizere 9 ta mainchi 2 ndi theka modutsa m'lifupi mwa nsalu, masentimita 60 akwanira, koma gulani 70. Tilumikizeni mopendeketsa kuti msoko usaunjikane malo amodzi, pindani pakati m'litali, sitani. Sokani ndi makina kutsogolo kota ya inchi, tembenuzirani kunsi, malizani pamanja. Ukhale wopinda pawiri choncho chifukwa m'mphepete ndimo mumayamba kutha.

Nabanda, Nkhotakota

Kuwonjezerapo pang'ono: maina a eni zitenje ndi chaka muwapete ndi ulusi pa kansalu koyera, mukasokere kunsi pakona musanatseke mpendero, kuti mbali ziwiri za kansaluko zilowe mumpenderomo. Bolopeni imafufutika. Pochapa koyamba, madzi ozizira ambiri m'bafa lalikulu, osaviika usiku wonse, osapotokola pofinya. Yanikani pamthunzi pa zingwe ziwiri kapena zitatu zoyandikana, chifukwa chofunda chonyowa chikalendewera pa chingwe chimodzi kulemera kwake kumadula masitichi.